ULENDO WA M'MAPIRI NDI M'ZIGWEMBE

Munthu wocokera ku Chipata pa mseu waukulu wopita ku Lusaka, akayenda makilomita ngati 90, amafika pa Katete. Kum'mawa kwa tauniyo kuli mapiri a miyala, ndipo lochuka mwa iwo ndilo phiri la Mphangwe. Katete ali pa mtunda wa mamita ngati 1,060 pamwamba pa nyanja yamcere, koma nsonga za mapiriwo zifika ku mamita ngati 1,600. Mapiri ena otere ali m'boma la Sinda ndi la Vubwi, kufupi ndi malire a dziko.

Anthu amakwera mapiri amenewa pa zifukwa zosiyana. Akazi amapitako kukafuna bowa ndi masuku, amuna amakadula nsungwi kapena kufula uci, asing'anga amakakumba mankhwala, ndipo aphunzitsi amapitako ndi ana a sukulu kuti akaone dziko lao ali pamwamba. Ena amabwerako tsiku lomwelo, koma ena amagona komweko usiku umodzi kapena uwiri. Ulendo wotere ngwokondweretsa, komatu uli ndi zoopsa zace. Munthu angathe kufa ndi ludzu ali pafupi ndi madzi, ndipo angathe kukokoledwa ndi madzi pa tsiku limene dontho la mvula silinamgwere. Cifukwa cace nkofunika kudziwa makhalidwe a phiri ndi a cigwembe munthu asananyamuke.

M'mene cigwembe cimapangikira

Katete ali pa msana wa dziko, pamene madzi amagawikana. Mvula yogwa mbali imodzi imatsikira ku mitsinje yonga Lupande, imene imathira mu Luangwa. Yogwa mbali inayo imatsikira kumwera, ku mitsinje yonga Kapoche, ndipo madzi ace amakafika mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Madzi potsika phiri amanyamula mcenga ndi miyala, ndipo zimenezi zimapala thanthwe monga mwala wonolera umadya mpeni. Poyamba pamakhala kangalande, pambuyo pace khwawa, ndipo zitapita zaka zosawerengeka pamakhala cigwembe, ndico cigwa cakuya ndi copapatiza ca makoma a miyala.

M'dziko la mvula yambiri makoma a cigwa amagumuka msanga, ndipo cigwaco cimatambasuka. M'dziko louma mvula yogumula makoma ndi yocepa, koma mtsinje wocokera kutali umapitirira kukumba pansi. Ndico cifukwa cace zigwembe zazikulu zambiri zili m'zipululu. Ku America, m'dziko la Arizona, mtsinje wa Colorado unakumba Grand Canyon, cigwembe ca makilomita 446 m'litali, ndipo kuya kwace kumafika mamita 1,800. Ku Namibia kuli Fish River Canyon, ca makilomita ngati 160 m'litali ndi mamita ngati 550 kuya kwace. Phiri la Mphangwe, kuyambira pa tauni ya Katete kufikira pa nsonga, lingathe kuima m'kati mwa cigwembe ca ku Namibia, nsonga yace nkungolingana ndi m'mphepete mwace.

Dziko la Katete, Sinda ndi Vubwi si cipululu ai, pakuti mvula yace imakwanira cimanga, thonje ndi nshawa. Koma kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala mvula imaleka, makwawa amaphwa, udzu umauma, ndipo munthu wa ulendo amakomana ndi mabvuto omwewo amene amapeza anthu a m'cipululu.

Amene anayamba kugona m'mapanga

Kugona m'mapiri sikunayambe lero. M'boma la Katete muli phanga la Makwe, ndipo m'boma la Chadiza muli la Kalemba. Katswiri wa zinthu zakale, David Phillipson, anakumba pansi pa mapanga onse awiri napeza timiyala tosema, mafupa a nyama ndi makala a moto. Pa Kalemba anapeza kuti anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 30,000 zapitazo. M'mapanga ambiri a dziko lino muli zithunzi pa miyala. Zofiira akulu amati anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene Acewa anawapeza m'dziko muno, ndipo zoyera zambiri anajambula ndi Acewa eni ace pa nkhani za cinamwali ndi za nyau.

Wopenyetsetsa malo amene anthu akalewa anasankha adzaphunzirapo nzeru. Anakonda phanga lokwezeka, kumene cigumula sicifika, lochinga mvula ndi mphepo, ndiponso losatalikira madzi. Wa ulendo wa lero, pofuna cigono, ayenera kufuna zomwezo.

Zimene zinacitika pa Kebrabasa

Mseu wocokera pa Katete kudzera pa cipata ca Chanida umafika ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, ulendo wa makilomita ngati 340. Dziko la Tete ndi lotsika, la milambe, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwace kumapitirira madigiri 40. Kumtunda kwa Tete mtsinje wa Zambezi umapyola pakati pa mapiri m'cigwembe cochedwa Kebrabasa. Anthu amati dzinalo litanthauza malo pamene nchito ithera, pakuti opalasa ngalawa akafika pamenepo sanali kutha kupitirira.

M'caka ca 1856 Dr. David Livingstone anatsika ndi Zambezi kucokera kumadzulo. Asanafike pa cigwembeco anasiya mtsinje nadzera njira ya kumtunda, kotero sanacione ndi maso ace. Anamva kuti kumeneko kuli mathithi, koma anayesa kuti ngaang'ono. Atabwerera kwao anauza anthu kuti Zambezi ndi mseu wa madzi umene sitima zingathe kuyendamo kufikira m'kati mwa Afrika.

M'caka ca 1858 anabweranso ndi sitima yaing'ono dzina lace Ma Robert. Mwezi wa Novembala sitimayo inalephera pa khomo la cigwembe, ndipo anthu anatsika nayamba kuyenda pansi. Potsiriza anapitirira Livingstone, Dr. John Kirk ndi Amakololo owerengeka. Njira panalibe. Anali kulumpha kucokera pa mwala kunka pa mwala unzace, ndipo miyalayo, yakuda ndi yoterera, inatentha ndi dzuwa kotero kuti munthu sanathe kuigwira nthawi yaitali. Mapazi a Amakololo anacita matuza, ndipo iwo anadandaula kwambiri. Atabvutika cotero anafika pa mathithi a Morumbwa kuciyambi kwa Disembala. Pa makoma a cigwembe anaona zizindikiro zakuti m'dzinja madzi amakwera mamita oposa 20.

Sitima sinathe kupyola pamenepo, ndipo ulendo wonse unatembenukira ku mtsinje wa Shire. M'caka ca 1860, pobwerera kucokera kumtunda, anayesa kutsika Kebrabasa m'ngalawa. Ngalawa ya Kirk inagubuduka, ndipo ngakhale iye anapulumuka, zolemba zace ndi zithunzi za mitengo ndi maluwa zimene anajambula zinapita ndi madzi. Kuyambira caka ca 1969 kufikira 1974 anthu anamanga khoma lalikulu m'cigwembemo, ndilo damu la Cahora Bassa, ndipo mathithi ambiri anamira m'nyanja imene inapangika.

Livingstone anali munthu wolimba mtima ndi wozolowera maulendo. Cimene cinamsautsa ncakuti anaweruza za njira imene sanaione, ndipo analowa m'cigwembe pa nyengo yotentha koposa. Akulu anati, "Safunsa anadya phula."

Kupempha njira

Nchito yoyamba ya ulendo imacitika m'mudzi. Phiri lili lonse lili m'dziko la mfumu, ndipo nkosayenera kulikwera mwakacetecete monga mbala. Mphunzitsi kapena mtsogoleri wa ulendo amapita kwa nyakwawa, nakhala pansi, naomba m'manja, nanena kuti, "Zikomo a Mfumu, tadza ndi ana anuwa kudzapempha njira ya kuphiri." Pamenepo mfumu imawauza kumene kuli manda ndi dambwe, malo amene mlendo sayenera kupondako, imawauza khwawa limene likali ndi madzi, ndipo kawiri-kawiri imawapatsa munthu wodziwa njira. Ku Sinda ndi ku Vubwi munthu ameneyu ngofunika koposa, pakuti m'thengo malire a dziko saoneka bwino, ndipo mlendo angathe kulowa m'dziko la eni osadziwa.

A ulendo auzenso mfumu ndi makolo ao njira imene adzayenda ndi tsiku limene adzabwera. Akacedwa, anthu a m'mudzi adzadziwa kokawafuna. Lamya ya m'manja ndi yothandiza, koma si yoikhulupirira, cifukwa m'cigwembe makoma a miyala amachinga mau ace, ndipo moto wace umatha.

Munthu asapite yekha. "Kuyenda awiri si mantha." Koma anai ndiwo abwino koposa, pakuti wina akapweteka, mmodzi amatsala naye ndipo awiri amathamangira kumudzi.

Kamba ndi katundu

Wa ulendo anyamule zofunika zokha, cifukwa katundu wopepuka pa bwalo la sukulu amalemera pa citunda. Kamba wabwino ndiye wosaola msanga ndi wopatsa mphamvu: ufa, nshawa zokazinga, ciponde, cimanga cokazinga, mbatata, kapenta, mcere ndi shuga. Pafunikanso mphika umodzi, mthiko, cikwanje, cingwe, mkeka, bulangete, ukonde wa udzudzu, toci, ndi macesi okulungidwa bwino kuti asanyowe. Mutu ukhale ndi cipewa. Nsapato zikhale zozolowera phazi, pakuti zatsopano zimatupitsa matuza tsiku loyamba lomwe. Ndodo imathandiza potsika, ndiponso pogwedeza udzu kuti njoka ithawe.

Madzi

Katundu woposa onse ndiye madzi. Thupi likatentha limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo madzi oturuka motero ayenera kubwezedwa. Munthu woyenda pa dzuwa la cilimwe amafuna malita 4 pa tsiku, kapena kuposapo. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, tsono nkosatheka kusenza madzi a masiku ambiri. Cifukwa cace ulendo umayesedwa ndi malo a madzi, ndipo mtsogoleri wanzeru amadziwa kumene adzatunga mawa asanacoke pamene watunga lero. Lamulo labwino ndi ili: madzi a m'zigubu akafika pakati, ndipo malo otungapo ena sanapezeke, onse abwerere.

Khwawa louma pamwamba kawiri-kawiri limasunga madzi pansi pa mcenga. Pamene pali bango, mikuyu, kapena mitengo yobiriwira pakati pa inzace yoyoyoka masamba, pamenepo madzi ali pafupi. Munthu afukule mcenga pokhota pa khwawa, kapena kumtunda kwa thanthwe lopingasa, nadikire kuti madzi abwere ndi kudikha. Njiwa nazo zimaulukira ku madzi dzuwa likapendeka. Koma madzi otere aphikidwe mpaka atabwata bwino asanamwedwe, cifukwa nyama nazo zimamwa pomwepo. Kusamba m'zithaphwi zosayenda nkoopsa, pakuti m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Munthu amene madzi akumcepera m'thupi amamva mutu, amacita cizungulire, ndipo mkodzo wace umakhala wocepa ndi wofiirira. Wotere akhale pa mthunzi, namwe pang'ono-pang'ono madzi okonzedwa motere: lita imodzi ya madzi ophika, timasupuni 6 ta shuga, ndi theka la kasupuni ka mcere. Akayamba kubwebweta, thupi lili lotentha ngati moto, moyo wace uli pangozi. Anzace amthire madzi thupi lonse, amkupize, ndi kumtengera ku cipatala msanga.

Dzuwa ndi cisanu

Mpweya umazizira munthu akamakwera, madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 ali onse. Cifukwa cace pa nsonga ya Mphangwe pamazizira kuposa pa msika wa Katete, ndipo pansi pa cigwembe cakuya pamatentha kuposa m'mphepete mwace. Miyala nayo imasunga kutentha kwa dzuwa niikubweza, ndipo mphepo siyenda bwino pakati pa makoma. Nthawi yabwino yoyenda ndiyo kuyambira mbanda kuca kufikira 10 koloko, ndiponso dzuwa litapendeka. Masana a ulendo apumule pa mthunzi monga zicitira nyama.

Usiku zinthu zimatembenuka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumwamba kulibe mitambo, ndipo kutentha kumene nthaka inalandira usana kumathawira kumwamba popanda cochinga. Munthu amene anatuluka thukuta masana angathe kunjenjemera usiku wonse. Nthaka imayamwa kutentha kwa thupi kuposa mphepo, tsono nkwanzeru kuyala udzu wouma wambiri pansi pa mkeka. Ngakhale kuli cisanu cotere, miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yabwino pa ulendo wa m'mapiri, pakuti mvula yatha, makwawa ena akali ndi madzi, ndipo dzuwa silinakule.

Kusankha cigono

A ulendo afune cigono dzuwa likali m'mwamba, kuti aone bwino pogona, atole nkhuni ndi kumanga msasa kusanade. Mcenga wa m'khwawa ndi wofewa ndi wosalala, ndipo munthu wotopa amaukhumba. Komatu pamenepo ndipo poopsa koposa. "Madzi saiwala khwawa." Mvula ikagwa pa phiri la miyala, nthaka yoimwa imakhala yocepa, ndipo madzi onse amathamangira m'khwawa limodzi nthawi imodzi, atasenza miyala ndi mitengo. Mvulayo ingathe kugwa kutali, kumene ogona m'khwawa sakuona. Pa 12 Ogasiti 1997, m'cigwembe copapatiza ca Antelope Canyon ku Arizona, anthu 11 anafa ndi cigumula cotere. Pamene iwo anali panagwa mvula yocepa, koma yamphamvu inagwa makilomita ngati 11 kumtunda kwao.

Khwawa limadzionetsa lokha pamene madzi ace amafika. Udzu ndi zinyalala zokoledwa m'nthambi za mitengo ndizo cizindikiro cace, monga zija Livingstone anaona pa makoma a Kebrabasa, ndipo cigono cikhale pamwamba pa cizindikiroco. Munthu ali m'khwawa akaona madzi oyera asanduka matope, kapena akamva mkokomo wonga wa galimoto yaikulu kumtunda, ataye katundu nakwere khoma pomwepo. Asathamange motsata khwawa, cifukwa madzi ali ndi liwiro loposa lace.

Palinso zifukwa zina zosagonera pafupi ndi madzi. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku umatsikira m'zigwa ndi m'madambo. Udzudzu wa malungo umaculuka komweko, ndipo nyama zimadza kudzamwa usiku. Pa nsonga ya phiri napo si pabwino, cifukwa ca mphepo ndi mphezi. Malo oyenera ndiwo a pakati pa therezi, osalala, otalikira phompho, opanda mtengo wouma pamwamba pace, ndiponso opanda njira ya linthumbu. Khomo la msasa lifulatire kumene mphepo icokera. Zakudya zipacikidwe m'mtengo, ndipo m'mawa munthu ali yense akutumule nsapato zace asanabvale, pakuti zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Moto

Moto umaphika nsima, umafunditsa thupi ndi kuingitsa zirombo, koma moto womwewo ungathe kupsereza phiri lonse. Posonkha moto, a ulendo ayambe alambula udzu ndi masamba mozungulira, mapazi atatu mbali zonse. Mafuwa asatengedwe m'madzi, cifukwa mwala wonyowa ukatentha, madzi a m'kati mwace amasanduka nthunzi ndipo mwalawo umaphulika. Nkhuni zikhale zouma zotola pansi. Pocoka, moto uthiridwe madzi kapena dothi kufikira munthu atakhoza kugwira phulusa ndi dzanja.

Lupsa limathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, pakuti malawi amayamba kuumitsa udzu wa kumtunda kwao. Munthu wopezedwa ndi lupsa asathawire kumtunda patsogolo pace. Afune thanthwe lopanda udzu, kapena malo amene apsa kale.

Mitengo ya m'phiri ili ndi nchito yaikulu. Mizu yace imagwira nthaka, ndipo masamba ogwa pansi amacedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi ndi kuturuka pang'ono-pang'ono m'akasupe. Phiri likapsa caka ndi caka, kapena mitengo yace ikathera ku makala, makwawa amasefukira m'dzinja naphwa msanga m'cilimwe, ndipo amene amabvutika ndiwo eni minda ndi zitsime za m'munsi. M'phanga la zithunzi moto usasonkhedwe konse, cifukwa utsi umadetsa zithunzizo. Kulembapo maina kapena kuzipala nkulakwira lamulo, pakuti malo otere ali m'manja mwa bungwe la boma la National Heritage Conservation Commission.

Kusokera ndi kupweteka

M'nkhalango ya miombo mitengo imafanana, ndipo nkwapafupi kutaya njira. Wa ulendo azitembenuka kawiri-kawiri ndi kupenya kumbuyo, kuti adziwe maonekedwe a njira pobwerera. Wosokera ayambe wakhala pansi, pakuti mantha amathamangitsa munthu kunka kutali ndi anzace. Akumbukire pamene anaona cizindikiro cotsiriza. M'miyezi ya cisanu dzuwa la masana limakhala ca kumpoto, tsono mthunzi wa munthu umaloza kumwera. Usiku nyenyezi zinai zonga mtanda zimaonetsa kumwera: munthu atalikitse mtanda m'litali mwace kanai ndi theka, ndipo pansi pa malo amenewo ndiko kumwera. Ngati njira siidziwikabe, akhale pomwepo, aziliza wezulo katatu-katatu, ndipo usana afukize utsi ndi masamba aawisi pa moto wosamalidwa bwino.

Ngozi zambiri zimacitika potsika, miyendo itatopa ndipo mtima uli kale kumudzi. M'cigwembe munthu asalumphire pansi pa thanthwe limene sangathe kulikweranso, cifukwa patsogolo pangakhale phompho, ndipo iye adzatsekeredwa pakati. Pokwera pamene pali miyala yogwedera, anthu asatsatane mmodzi pansi pa mnzace, ndipo wogubuduza mwala apfuule msanga.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri imangogona m'njira. Munthu asapise dzanja m'mphako kapena m'ming'alu ya miyala, ndipo usiku asayende wopanda nsapato ndi toci. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini pa bala, asayamwidwe, ndipo asamangidwe cingwe colimba, pakuti zimenezi zimaonjezera kupweteka. Agone cete, ciwalo columidwaco cisagwedezeke, ndipo anzace amnyamule pa macira kunka ku cipatala, monga ca St. Francis pa Katete, cimene cinayamba m'caka ca 1948, kapena ca Nyanje m'boma la Sinda.

Malamulo a ku cipululu

Anthu a maiko ambiri amapita ku Fish River Canyon kukayenda pansi ulendo wa makilomita ngati 85, kucokera pa Hobas kufikira pa akasupe otentha a Ai-Ais. Ulendowo umatenga masiku 4 kapena 5. M'njira mulibe nyumba kapena sitolo. Munthu ali yense amasenza kamba wace nagona pansi pa nyenyezi. Oyang'anira malowo amalola ulendo kuyambira mwezi wa Meyi kufikira pakati pa Seputembala pokha, cifukwa miyezi inayo kumatentha koopsa ndipo mtsinje ungathe kusefukira. Salola anthu ocepera atatu, ndipo ali yense amaonetsa kalata ya dokotala yakuti thupi lace ndi lolimba.

Malamulo amenewa analembedwa pa pepala ku Namibia, koma nkhalamba za kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe ndi kwa Pembamoyo zinawadziwa kale popanda pepala. Alenje akale sanali kupita okha, anali kusankha nyengo, ndipo wodwala anali kutsala pamudzi.

Pobwerera

M'mawa wa tsiku lotsiriza a ulendo amapasula msasa, amakwirira phulusa, natola mapepala, zitini ndi mapulasitiki onse kuti abwerere nazo kumudzi. Dzenje limene anafukula madzi amalisiya laukhondo, cifukwa ena adzamwa pomwepo. Podzithandiza amapita kutali ndi khwawa nakwirira ndi dothi. Atatsika amapitanso kwa nyakwawa kukathokoza ndi kunena kuti onse abwera bwino. Amamuuza zimene anaona, monga kasupe amene waphwa, mitengo imene yadulidwa, kapena mapazi a nyalugwe, ndipo mau amenewa adzathandiza ena amene adzapempha njira pambuyo pao.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji zigwembe zazikulu zambiri zili m'maiko ouma?
2. Livingstone analakwa ciani pa nkhani ya Kebrabasa?
3. Chulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti madzi ali pafupi.
4. Anthu anai ali kuyenda masiku awiri pa dzuwa la cilimwe. Afuna malita angati a madzi, ndipo madziwo alemera makilogalamu angati?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Madzi saiwala khwawa."
6. Funsani akulu a kwanu maina a mapiri ndi makwawa a pafupi ndi mudzi wanu, ndipo mujambule mapu ace.